Madzi akaphwera, kolera ndiye amatsala: uthenga kwa anthu a m'chigawo cha Tete

Abale athu a ku Mutarara, Doa, Moatize ndi m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè, mvula ya Januwale mpaka Malichi mukuidziwa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè, ndipo mu Malichi 2023 Freddy anafika kolera ali kale pakati pathu. Anthu amaopa tsiku limene madzi akukokolola nyumba ndi mbuzi, koma masabata otsatira, pamene mabanja adzazana m'sukulu ndi m'matchalitchi, ndi pamene matenda otsekula m'mimba amayamba kutenga ana.

Chifukwa chake n'chakuti madzi osefukira amalowa m'zimbudzi n'kutulutsa zonse zili m'menemo, kenaka amathira m'zitsime, m'madambo, ngakhale pa mjigo ngati unamira. Pakapita masiku, matope amadikha ndipo madzi amaoneka oyera bwinobwino. Musanyengeke nawo. Tizilombo ta kolera sitioneka ndi maso, sitinunkha.

Madzi onse akumwa, otsukira mbale ndi opangira thobwa athiridwe Certeza kapena kolorini wina amene azaumoyo akugawa. Tsatirani muyezo wolembedwa pa botolo, khutchumulani chigubu, dikirani mphindi 30. Ngati mankhwala palibe, wiritsani madziwo mpaka abwadamuke. Ngati ali a matope, yambani mwawasefa pa chitenje choyera. Asungeni mu chigubu chotseka pakamwa ndipo muzichita kutsanulira m'kapu. Kapu yoviika m'ndowa, imene aliyense wagwira, imaononganso madzi amene munavutikira.

Pali mphekesera imene imatiwawa mtima. M'madera ena a dziko lino anthu anathamangitsa ndi kumenya ogawa kolorini, powanena kuti akubweretsa kolera, mwina chifukwa pa Chipwitikizi mayina awiriwa amamveka mofanana. Kolorini ndi amene amapha tizilombo ta kolera m'madzi. Fungo lake lisakuopseni. Amfumu ndi atsogoleri a mipingo, tithandizeni kunena zimenezi poyera, chifukwa anthu amamva inu.

Kolera mumamudziwa chonchi: munthu amatsekula madzi okhaokha ngati otsukira mpunga, kawirikawiri, nthawi zambiri osamva kupweteka m'mimba, amasanza, miyendo imakokana, maso amalowa m'kati. Kwa khanda liwombo limalowa. Munthu wamkulu wamphamvu akhoza kudwala m'mawa n'kumwalira usiku womwewo, chifukwa madzi atha m'thupi.

Musadikire kuti kuche. Yambani kumupatsa madzi a mchere ndi shuga aja a m'mapaketi, amene kuchipatala amati SRO: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Paketi ikasowa, sungunulani masipuni ang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Mchere usapitirire. Amwe pang'onopang'ono, akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambanso. Azimwa ali pa njinga, m'bwato kapena pa machira, ulendo wa kuchipatala. Mayi asaleke kuyamwitsa mwana wodwala, ndipo mwanayo apatsidwe zinki masiku 10 mpaka 14 monga anamwino kapena APE, wazaumoyo wa m'mudzi mwanu, anenera.

Pamsasa, chimbudzi chikumbidwe kumunsi, kutali ndi potunga madzi. Chimbudzi cha mwana chili ndi tizilombo ngati cha wamkulu, choncho chitayidwe m'dzenje, osati kuseri kwa tenti. Sambani m'manja ndi sopo, kapena phulusa ngati sopo watha, pa madzi othira, osati m'beseni limodzi banja lonse. Nsima ndi ndiwo zidyedwe zikadali zotentha.

Za maliro n'zovuta kunena, koma tiyenera kunena. Thupi la munthu womwalira ndi kolera limapatsirabe matenda. Lolani azaumoyo alikonze ndi kolorini, ndipo amene aligwira asaphike pamaliropo.

Pothawa madzi, ikani m'pepala la pulasitiki khadi la mwana, la sikelo ya amayi oyembekezera, ndi mankhwala a ARV kapena a TB, ndipo mukafika pamsasa muuze azaumoyo msanga mankhwalawo asanathe. Tengani neti, pakuti zithaphwi zimabala udzudzu. Chithandizo cha pamsasa n'chaulere. Wina akakupemphani ndalama kapena thupi lanu kuti akulembeni dzina, imbani Linha Verde 1458, simulipira.