Jim Reeves: Woimba Amene Anatchuka Atatsitsa Mawu

James Travis Reeves anabadwa pa 20 Ogasiti 1923 ku Galloway, kamudzi ka m'chigawo cha Texas ku America, ndipo anali mzime m'banja la alimi osauka. Bambo ake anamwalira iye akadali wakhanda, motero anakula m'manja mwa mayi ake. Ali mnyamata, mtima wake sunali pa zoimba ayi, koma pa masewera a baseball, moti analowa m'matimu ang'onoang'ono a pansi pa timu yaikulu ya St. Louis Cardinals monga woponya mpira, kufikira pamene anavulala n'kusiya masewerawo.

Chimene chinamutsalira chinali mawu ake. Anayamba ntchito youlutsa mawu pa wayilesi, mpaka anafika pa wayilesi ya KWKH mumzinda wa Shreveport, kumene ankalengeza oimba m'pulogalamu ya Louisiana Hayride. M'chaka cha 1953 nyimbo yake ya "Mexican Joe" inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za country (nyimbo za chikhalidwe cha kumidzi ya ku America), ndipo mu 1955 anasaina pangano ndi kampani ya RCA Victor n'kulowanso m'gulu la oimba a Grand Ole Opry, pulogalamu yotchuka ya pa wayilesi ya nyimbo za country, mumzinda wa Nashville.

Komabe amene angamve nyimbo zake zoyambirirazi sangamuzindikire msanga, chifukwa nthawi imeneyo ankaimba mokuwa monga ankachitira anzake ambiri a ku Texas, kuti mawu apose phokoso la m'malo ovinira. Kusintha kwenikweni kunadza mu 1957 pojambula nyimbo ya "Four Walls". Reeves anasendera pafupi kwambiri ndi maikolofoni, milomo ili pang'ono kuikhudza, ndipo anaimba chapansipansi ndi mawu a besi ngati munthu amene akukunong'oneza kukhutu. Chet Atkins, katswiri wa gitala amene ankayang'anira zojambula za RCA ku Nashville, anagwirizana nazo. M'malo mwa zoimbira zokhadzula za kumudzi anaika piyano yofatsa ndi kagulu ka oimba kothirira mang'ombe kumbuyo. Ena okonda country yakale anadandaula kuti nyimbo zawo zavekedwa suti, ndipo dandaulo lawo silinali lopanda pake, pakuti kaimbidwe kameneka, kotchedwa Nashville Sound, kanapangidwadi n'cholinga chokopa anthu a m'tauni. Koma n'chimenechinso chinachititsa kuti mawu aliwonse a m'nyimbo azimveka bwino ngakhale kwa munthu amene Chingerezi anachiphunzira kusukulu. Mu 1960 nyimbo ya "He'll Have to Go" inakhala pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za country kwa milungu 14.

Kutchuka kwake kunja kwa America kunaposa kwa oimba ambiri a m'nthawi yake. Mu 1962 anakaimba ku South Africa pamodzi ndi Chet Atkins ndi woimba piyano Floyd Cramer, dzikolo lili pansi pa ulamuliro wa tsankho, ndipo chaka chotsatira anabwererako kukasewera mufilimu ya Kimberley Jim. Anajambulanso nyimbo m'chinenero cha Afrikaans. Mbale zake za galamafoni zinafalikira m'maiko ambiri a mu Africa, makamaka za nyimbo zauzimu ndi za Khirisimasi, zimene mpaka lero zimamvekabe m'nyumba zambiri kuno kwathu mwezi wa Disembala ukafika.

Pa 31 Julayi 1964, Reeves ankayendetsa yekha kandege kakang'ono kuchokera ku Batesville, m'chigawo cha Arkansas, ali ndi woimba piyano wake Dean Manuel. Atayandikira Nashville anakumana ndi mvula yamkuntho, ndipo ndegeyo inagwera m'nkhalango ya ku Brentwood. Anthu ambiri, kuphatikizapo oimba anzake, anasakasaka kwa masiku awiri asanapeze matupi awo. Anamwalira ali ndi zaka 40.

Mkazi wake, Mary, anasunga mosamala nyimbo zambiri zimene mwamuna wake anasiya zisanatuluke, ndipo pogwirizana ndi RCA ankazitulutsa pang'onopang'ono, zina ataziwonjezera zoimbira zatsopano. Mu 1966 "Distant Drums" inakhala pa nambala 1 ku Britain kwa milungu isanu, ndipo mu 1967 dzina lake linalowa mu Country Music Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a nyimbo za country. Mu 1981 akatswiri a zojambula analumikiza mawu ake ndi a woimba wamkazi wa country Patsy Cline, amene anafanso pa ngozi ya ndege mu 1963, n'kutulutsa nyimbo yomveka ngati akuimbira limodzi, chonsecho awiriwa sanajambulepo nyimbo pamodzi ali moyo.