Si chilichonse cha mawangamawanga ndi nyalugwe

M'midzi ya m'munsi mwa phiri la Mulanje, mbuzi ikapezeka yakufa m'mawa anthu amangoti "wadya nyalugwe," n'kuyamba kutchera misampha ya waya. Kawirikawiri mlandu umagwera wosalakwa.

Yambani mwayang'ana mapazi. Nyalugwe poyenda amabisa zikhadabo, ndiye phazi lake limadinda lozungulira, lopanda timabowo kutsogolo. Galu ndi fisi zikhadabo zawo zimaoneka pamatope. Onaninso mtembo wa mbuziyo: nyalugwe amaluma pakhosi, n'kukokera nyamayo pachitsamba kapena mumtengo. Fisi amaphwanya mafupa, agalu amang'amba ntchafu ndi mimba mwachisawawa.

Chamawanga chimene anthu amachiona m'mphepete mwa minda ya tiyi nthawi zambiri ndi njuzi, ya makutu aakulu, miyendo yaitali, mchira waufupi. Chakudya chake chachikulu ndi mbewa, mbalame ndi achule. Kuipha n'kudzichulukitsira mbewa m'munda.

Anyalugwe enieniwo atsala ochepa. Ku nkhalango yotetezedwa ya Majete, kwa anzathu ku Chikwawa, anatheratu mpaka anachita kukatenga ena ku South Africa kuyambira mu 2011. Waya wa msampha sasankha: amamaliza agwape amene nyalugwe amadya, iyenso amadulidwa mwendo, ndipo wopundukayo ndi amene amatsikira kumudzi kufuna zosavuta kugwira.

Mankhwala ake ndi khola. Mitengo ikhale yothithikana, denga lolimba chifukwa nyalugwe amakwera, chitseko chokhoma, ndipo mbuzi zilowe dzuwa lisanalowe. Mukatsimikiza kuti ndi nyalugwe, uzani amfumu adziwitse a Dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Kumupha nokha n'kuphwanya lamulo.