Kuwerenga khadi n'kosavuta, ntchito ili polemba

Khadi imene mumangoiyandikizitsa pachitseko kapena pamakina olipirira ilibe batire. Mphamvu imaitenga ku kachipangizo koiwerenga. Kachipangizoka kamatulutsa mafunde a 13.56 MHz kudzera mu waya wozungulira wotchedwa antena, ndipo m'khadimo mulinso waya wopyapyala umene umakoka mphamvuyo n'kudzutsa chip. Makhadi otsatira muyezo wa ISO/IEC 14443 amagwira ntchito pa mtunda wosapitirira masentimita 10. Poyankha, khadi imasinthasintha mphamvu imene ikukoka, chowerengacho n'kumva kusinthako.

Wopanga kachipangizo kotere sayambira pansi penipeni. Amagula chip yopangidwa kale, monga MFRC522 kapena PN532 ya kampani ya NXP, n'kuilumikiza ku kakompyuta kakang'ono kotchedwa microcontroller kudzera pa njira zotumizirana mauthenga za SPI, I2C kapena UART. Gawoli silitenga nthawi. Antena ndiyo imavuta. Imagwira bwino pathebulo, koma mukaiika m'bokosi pafupi ndi chitsulo, mtunda umachepa, nthawi zina khadi osamveka n'komwe. N'chifukwa chake timaika ferrite, chinthu chotchinga kuti chitsulo chisasokoneze mafunde, kuseri kwake, ndipo makapasita, tizipangizo tochunira antenayo, timawasankha antenayo ili kale m'bokosi lake lenileni.

Ine ndimayeza luso la mmisiri poona mmene analembera pulogalamu yolemba pa khadi. Taonani khadi ya mtundu wa MIFARE Classic 1K. Ili ndi magawo 16, gawo lililonse lili ndi mabuloko 4 a mabayiti 16. Buloko lomaliza pa gawo limasunga makiyi awiri, A ndi B, amene ndi nambala zachinsinsi zotsegulira gawolo, pamodzi ndi malamulo a amene angawerenge kapena kulemba. Mukalemba malamulowo molakwika, gawolo limatsekeka mpaka kalekale. Palibe kukonza.

Vuto lina ndi dzanja la munthu. Anthu sadikira. Amachotsa khadi makina asanamalize kulemba, mphamvu n'kutha pakatikati, ndipo buloko limatsala ndi zinthu zosakanikirana, zakale ndi zatsopano. Ngati m'bulokomo munali ndalama za ulendo wa basi, mwiniwake wataya ndalamazo. Pulogalamu yabwino imasunga mfundo yofunika malo awiri. Imayamba kulemba pa malo amodzi, imawerenganso kuti itsimikize, kenako imalemba pa enawo. Nyali yobiriwira ndi kulira kwa makina zibwere zonsezi zikatha, chifukwa munthu akangomva kulira amachotsa dzanja.

Makhadi awiri akakhala m'chikwama chimodzi, chowerenga chimasankha imodzi pogwiritsa ntchito nambala yake, UID. Koma musaidalire nambalayi ngati chitetezo, pakuti imakopeka mosavuta. Ngakhale njira yobisira mauthenga ya MIFARE Classic, Crypto1, akatswiri anaithyola mu 2008. Pa ntchito yatsopano yokhudza ndalama kapena zitseko zofunika, sankhani khadi ngati DESFire yogwiritsa ntchito njira yobisira mauthenga ya AES, ndipo makiyi musawalembe poyera m'pulogalamu. Asungidwe mu chip yapadera yachitetezo yotchedwa SAM.