Chaka cha pa ndalama si msinkhu wa alubamu yanu

Munthu amapeza alubamu ya ndalama zachitsulo za maiko osiyanasiyana m'sutikesi ya malemu agogo, n'kuloza imodzi: "Taonani, 1862. Bukuli ndi la nthawi ya Livingstone." Mawu amenewa ndatopa nawo. Msinkhu wa alubamu sitiyezera ndalama yakale kwambiri imene ili m'menemo, timayezera yatsopano kwambiri. Ngati patsamba lomaliza pali tambala wa 1971, mwini wake ankaikamobe ndalama mu 1971 kapena pambuyo pake, ngakhale patsamba loyamba pakhale mutu wa Mfumukazi Victoria.

Bukulo palokha limadziulula ndi maina a maiko amene anasindikizidwa pamasamba. Tsamba lolembedwa Malawi kapena Tanzania silingakhale la chaka cha 1964 chisanafike. Ceylon inasanduka Sri Lanka mu 1972, dzina la Zaire linagwira ntchito kuyambira 1971 mpaka 1997, Zimbabwe ndi ya 1980, ndipo Upper Volta inatha mu 1984. Buku lokhala ndi Malawi komanso Ceylon mwaliika kale pakati pa 1964 ndi chakumayambiriro kwa ma 1970. Yang'ananinso kuchikuto chakumbuyo. Adiresi ya ku America yokhala ndi ZIP code (nambala ya dera ya positi ofesi) ndi ya 1963 kapena mtsogolo mwake, pomwe "Made in W. Germany" imasonyeza nthawi imene Germany inali yogawikana, mpaka 1990.

Ndiye ndalamazo. Chaka cholembedwa si nthawi zonse chaka chimene inasulidwa. Thaler ya Maria Theresa, ndalama ya ku Austria ya siliva yolemera pafupifupi magalamu 28, imalembedwa 1780 ngakhale inasulidwa zaka 100 kapena 200 pambuyo pake, chifukwa amalonda a ku Arabia ndi ku Ethiopia sankaikhulupirira ikasintha maonekedwe. Rupiya za ku India zolembedwa 1862 zinapitiriza kusulidwa ndi chaka chomwecho kufika 1873. Pa rupiya werenganinso udindo: "Victoria Queen" ndi ya 1876 kubwerera m'mbuyo, "Victoria Empress" inayamba 1877.

Kuno ku Mangochi, kumene malonda a Ayao ankalumikizana ndi Kilwa ndi Zanzibar, ndalama za zilembo zachiarabu sizidabwitsa, ndipo owerenga manambala ake sasowa. Cholakwika chimabwera pomasulira. Pysa, ndalama ya mkuwa ya ku Zanzibar, yolembedwa 1299 siinakwanitse zaka 700. Chimenecho ndi chaka cha Hijra, kalendala ya Chisilamu. Chulukitsani ndi 0.97, onjezerani 622, mupeza 1882, nthawi ya Sultan Barghash.

Chaka chikafufutika, funsani chithunzi. Kobiri yoboola pakati yokhala ndi njovu ziwiri ndi ya nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1955, ndipo theka lake lili ndi anyamalikiti. Sheleni ya Malawi ya 1964 ili ndi zinsononkho za chimanga monga 10 tambala ya 1971, kukula kwake n'kofanana, choncho werengani mawu, musadalire chimangacho. Ndalama zoyera za ku Britain zinali siliva wabwino mpaka 1919, theka siliva kuyambira 1920 mpaka 1946, ndipo kuyambira 1947 mulibe siliva ngakhale pang'ono. Maginito sakuthandizani apa, chifukwa siliva ndi chitsulo chosakaniza mkuwa ndi nickel zonse sizimamatira.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi alubamu imene inadzazidwa bwino ndi munthu wobwerera ku migodi ya ku Joni, masenti a ku South Africa, ma centavo a ku Mozambique, pansi pa ndalama iliyonse atalemba ndi pensulo malo amene anaipeza, kenako mdzukulu n'kuzitulutsa zonse, kuzikwecha ndi phulusa, mandimu kapena Brasso kuti ziwale, n'kuzithira m'chitini chimodzi. Kuwala kumeneko ndi mabala. Kuda kumene ndalama imatenga pazaka zambiri ndi kumene wodziwa amafuna kuona, ndipo kukachoka sikubwerera. Ndondomeko ya masamba ndi zolemba za pensulo zija ndiwo unali umboni wa msinkhu wa bukulo. Musanatulutse ngakhale imodzi, jambulani tsamba lililonse ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo.

Koma pali pamene simuyenera kuchedwa. Matumba apulasitiki yofewa ya PVC amatulutsa mafuta kukatentha, ndipo kutentha kwa kuno mu Okutobala, m'nyumba ya malata, mukukudziwa. Mukaona zobiriwira zomata pa ndalama, zayamba kudya chitsulo. Jambulani lero, tulutsani lero. Viikani ndalamayo mu acetone weniweni (mankhwala amadzimadzi osungunula mafuta) kwa mphindi zochepa, osati wochotsera utoto wa m'zikhadabo amene amasakaniza ndi mafuta onunkhira, kutali ndi moto, osapukuta, iume yokha. Isungeni mu kaenivulopu kapepala kakekake, mutakoperapo zolemba zakale zija. Gwirani m'mphepete, chifukwa thukuta limasiya chidindo cha chala pa mkuwa. Bukulo lisakhale pansi pa simenti kapena pafupi ndi khoma lonyowa nthawi ya dzinja.

Za anthu oyendayenda onena kuti kobiri yoboola ili ndi "mekyule" kapena kuti kuli mzungu wogula pa mamiliyoni, musataye nazo nthawi. Makobiri amenewo anasulidwa mamiliyoni ambiri ndipo mtengo wake ndi wochepa. Aliyense wofuna kuti muyambe mwatumiza ndalama ya "kuyezetsa" pa foni ndi wakuba. Winanso woopsa ndi amene amapempha kutenga ndalama ziwiri zitatu kuti akaonetse bwana wake: amasankha za siliva, n'kukusiyirani buku la mipata. Wofuna kuona aonere pamaso panu, buku lili lathunthu, zithunzi zanu zili kale mu foni.