A Chihana anali a yuniyoni kaye, ndale zinabwera pambuyo

Anthu akamakamba za a Chakufwa Chihana amangoyambira pa 6 Epulo 1992, tsiku lomwe anatsika ndege ku Lilongwe pochokera ku Lusaka apolisi nkuwanjata pompo. Koma ife amene timagwira ntchito ndi mabungwe a apantchito timayambira kumbuyo, chifukwa mkulu wa ku Rumphi ameneyu anakulira mu yuniyoni. Boma la a Kamuzu linawatsekera kuyambira 1971 mpaka 1977 opanda kuzengedwa mlandu, ndipo pomafika 1992 anali mlembi wamkulu wa SATUCC, bungwe logwirizanitsa mayuniyoni a mayiko a kummwera kwa Africa kuno. Ndiye mukaona kuti atangomangidwa dziko lonse lapansi linasokosa, si zamatsenga ayi, anzawo a mayuniyoni akunja ankawadziwa kale ndipo mwezi wa Meyi chaka chomwecho sitiraka inabuka ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre nkufalikira.

Tsopano ntchito ya mtsogoleri wa yuniyoni ndi yotani? Ambiri amaganiza kuti ndi kukuwa ndi kunyamula zikwangwani basi. Sitiraka ndi chida chomaliza, ntchito yeniyeni ndi kukhala patebulo ndi bwana yemweyo munkamunyoza dzulo, kukokanakokana za malipiro mpaka usiku, kenako kusainirana nkugwirana chanza, ndipo palibe amati mwagulidwa bola mwabweretsa kanthu kwa mamembala.

Kwa ine apa ndi pomwe pagona nkhani ya a Chihana. Anatuluka m'ndende masiku awiri referendamu ya pa 14 Juni 1993 isanachitike, pachisankho cha 1994 anakhala achitatu koma chipani chawo cha AFORD chinasesa mipando yonse 33 ya kumpoto nkukhala ndi aphungu 36. Mipando imeneyo anaigwiritsa ntchito ngati mmene wa yuniyoni amachitira ndi mamembala ake, kukambirana ndi aliyense amene ali ndi chopereka. Anayamba agwirizana ndi MCP yomwe ija ankaitcha chipani cha imfa ndi mdima, kenako nkulowa boma la a Muluzi ngati wachiwiri kwa wachiwiri kwa pulezidenti, 1996 nkutuluka akudandaula za katangale, 1999 nkuima ndi a Gwanda Chakuamba a MCP, 2003 nkubwereranso kwa a Muluzi pa mpando womwe uja. Mutu umachita kuzungulira eti?

Vuto ndi loti wovota si membala wa yuniyoni. Wapantchito amaona yekha pa peyisilipi kuti mgwirizano wamupindulira, pomwe mayi wa ku Mzimba amangoona kuti amene anamuvotera wakhala pamodzi ndi omwe ankawatsutsa, ndipo zinafika poipa pomwe a Chihana anaikira kumbuyo zoti a Muluzi aimenso kachitatu. Pachisankho cha 2004 AFORD inatsala ndi aphungu 6. A Chihana anamwalira ku Johannesburg pa 12 Juni 2006, tsiku lomwelo anatulukira m'ndende zaka 13 m'mbuyomo.