Mausi ya mtengo wa mbuzi, chaka chisanathe yayamba kudina kawiri

Sabata yatha kunabwera mnyamata wina pa benchi yanga, mausi ili mu jumbo, nkhope yagwa ngati akuchokera kumaliro. Akuti mchimwene wake anamutumizira kuchokera ku Joni chaka chatha chomwechi, ndalama yake ungagule mbuzi yabwinobwino, ndiye pano akadina kamodzi iyo ikudina kawiri, akamakoka fayilo ikugwera panjira, mu gemu mfuti ikusiya yokha kuwombera chala chake chili pomwepo. Funso lake ndi lomwe lija ndimafunsidwa pafupipafupi: "Achimwene, kampani yolimba ndi iti kuti ndisadzatayenso ndalama?" Ndinamuuza kuti akhale pansi, tiitsegule kaye.

Chifukwa mukatsegula mausi zimenezi, kaya ndi Logitech, Razer, SteelSeries, Corsair ngakhale Redragon yotchipa ija, mkati mumapeza abale okhaokha. Makampaniwa sapanga okha chilichonse. Diso la pansi lija lomwe limaona kayendedwe ka dzanja lanu, sensa, ambiri amagula ku kampani imodzi ya ku Taiwan yotchedwa PixArt, manambala ngati PMW3360, PMW3389 ndi PAW3395 amene mumawaona pa katoni ndi a kumeneko, ngakhale sensa ya Razer yomwe amaitchula kuti Focus anapangira limodzi ndi PixArt yomweyo. Logitech ndiye ali ndi yawo yotchedwa Hero. Koma ndikuuzeni, sensa sindiyo imapha mausi. Pa benchi pano ndimatha nthawi yaitali osaona sensa yakufa, nthawi zambiri pamakhala kuti palowa katsitsi basi. Ndiye ma DPI 26,000 omwe amawalemba ndi zilembo zikuluzikulu aja, muyeso wa kutalika komwe kamuvi ka pa sikirini kamayenda mukasuntha mausi, alibe gawo pa nkhani ya kulimba, ndipo osewera ambiri odziwa amangogwiritsa 400, 800 kapena 1,600.

Chimene chimafa ndi kasiwichi kamene kali pansi pa batani, kakang'ono ngati njere ya nyemba. Kwa zaka zambiri pafupifupi aliyense ankaika ta Omron, kampani ya ku Japan, makamaka mtundu wa D2FC. Mkati mwake muli kachitsulo kopyapyala ngati lezala, mukadina kamapindika n'kugunda kachitsulo kena, magetsi n'kudutsa, kompyuta n'kudziwa kuti mwadina. Pa katoni amalemba kuti kamapirira kudina ka 20 miliyoni, ena 50 miliyoni. Tiyeni tiwerengere limodzi, munthu wodina ka 10,000 tsiku lililonse osapuma ngakhale la Mulungu, kuti akwanitse 50 miliyoni pakufunika masiku 5,000, zaka 13 ndi miyezi ingapo pamwamba. Nanga bwanji ya mnyamata uja yatopa chaka chisanathe?

Nambala ija siyabodza ayi, koma ikunena zina. Amayesa ku fakitale ndi makina, m'chipinda choyera mopanda fumbi, mopanda thukuta, mopanda mafuta a chipisi cha pa chiwaya. Ndiye zikafika kwa ife, pa malo ogundana zitsulo paja pamayamba kumera kadzimbiri koonda kosaoneka ndi maso, magetsi amadutsa modukizadukiza, kompyuta n'kumaona ngati mwadina, mwasiya, mwadinanso. Ngakhale siwichi yatsopano kachitsulo kamanjanja pang'ono kakagunda, ndiye pulogalamu ya mkati mwa mausi imadikira timamilisekondi tochepa kuti kakhazikike isanawerengenso, azungu amati debounce. Makampani pofuna kuti mausi yawo izioneka yachangu amafupikitsa nthawi yodikirayo, ndiye siwichi ikangokalamba pang'ono kunjanja kuja kumapitirira malire. Chinanso chomwe ambiri a ife okonza timaloza chala ndi kuchepa kwa magetsi, mausi zamakono makamaka zopanda waya zimadutsitsa magetsi ochepa kwambiri pa siwichi kuti batire lizikhalitsa, ochepa moti satha kuboola kadzimbiri kaja. N'chifukwa chake mumadabwa mausi ya muofesi ya kalekale ikugwirabe pomwe yodula yagona.

Cha m'ma 2018 mpaka 2020 madandaulo amenewa anachuluka kwambiri pa mausi zina za Logitech monga G Pro Wireless, G903 ndi G502, koma musaganize kuti ndi matenda a nyumba imodzi, aliyense amene ankaika siwichi yachitsulo anali ndi odwala ake. Razer mu 2019 anatulutsa Viper yokhala ndi siwichi ya optical, mmenemo mulibe zitsulo zogundana kuti magetsi adutse, muli kakuwala kosaoneka ndi maso, mukadina kachitseko kakang'ono kamasuntha ndipo kuwalako n'kumene kumauza mausi kuti mwadina. Dzimbiri lilibe pogwira. Logitech nawo anatsatira mu 2022 ndi G502 X, siwichi yake anaitcha Lightforce. Pa vuto la kudina kawiri ineyo ndikuvomereza, zimenezi zinathandiza zedi. Koma kwa ine wokonza pali kachisoni kake, siwichi yachitsulo ikafa ndimaichotsa ndi soda, kachitsulo kotentha kowotcherera mawaya kaja, n'kuika ina, ya Kailh GM 8.0 kapena ya Huano, miyendo yake itatu imafanana, ngakhale yozula m'mausi ina yakufa imalowa. Ya optical aliyense ali ndi kapangidwe kake, ikathyoka mufufuze mpaka mutu uwawe. Amene anaganiza bwino pa nkhaniyi ndi ASUS, kuyambira pa ROG Gladius ya 2014 anaika siwichi zongozula ndi zala ngati dzino logwedera, zina zapadera n'kukuikiranimo m'katoni. Sindimvetsa chifukwa chomwe ena onse sanatengere nzeru imeneyi, kapena mwina ndikumvetsa kkk.

Wachiwiri kufa ndi kagudumu kapakati. Mukutsitsa peji iyo ikudumphira m'mwamba, eti? Pambali pa kagudumu pali kachipangizo kotchedwa encoder, nako kali ndi tizitsulo tokhulana ndi girisi pang'ono, fumbi likasakanikirana ndi girisiyo zimakhala ngati phala ndiye kamayamba kuwerenga mobwerera. Mausi zina monga G502 zimawerenga kagudumu ndi kuwala ndiye vutoli silichitikachitika, koma zambiri zopepuka zimene zili m'fasho pano zili ndi encoder yachitsulo, ya TTC, Kailh kapena ALPS. Kusintha n'kosavuta bola mupeze ya msinkhu wofanana, zimasiyana ndi mamilimita ochepa okha ndipo mukalakwitsa kagudumu kamakhala kopendama.

Zotsalazo ndi waya kuthyokera mkati pomwe ukulowera m'mausi, labala wa m'mbali kusungunuka n'kumamata m'manja nthawi yotentha, ndi batire lomangiriramo lomwe pakatha zaka ziwiri zitatu limayamba kukhuta msanga n'kumva njala msanga. Apa ine ndimaikonda Logitech G305, imadya batire limodzi la AA lomwe mungagule pa okala iliyonse.

Tibwere ku kiyibodi tsopano, kumene anthu amapusitsidwa kwambiri ndi magetsi a utawaleza. Kiyibodi kuwala sindiye kuti ndi mechanical. Zambiri zotchipa zolembedwa kuti gaming, zija amagulitsa pamodzi ndi mausi ndi mahedifoni m'katoni imodzi, pansi pa mabatani pali chilabala chimodzi chokhala ndi timabere ndi mapepala apulasitiki a mizere, chimodzimodzi ya muofesi, angoivekapo suti. Mukaona mawu oti "mechanical feel" dziwani kuti ndi imeneyo. Siyoipa ayi, imapirira tiyi kuposa inzake, koma labala akatopa pa W, A, S ndi D, mabatani oyendera mu gemu aja, kapena mzere umodzi ukaduka palibe chokonza, mabatani angapo amafera limodzi.

Mechanical yeniyeni batani lililonse lili ndi siwichi yakeyake yokhala ndi sipuling'i. Gogo wa zonsezi ndi Cherry MX ya ku Germany, inayamba m'ma 1980, kwa nthawi yaitali ankati imapirira ka 50 miliyoni, pano mitundu ina akuti 100 miliyoni. Chitetezo cha lamulo pa kapangidwe kawo chitatha makampani a ku China monga Kailh, Gateron ndi Outemu anayamba kupanga zofanana, mpaka Razer mu 2014 anasiya kudalira Cherry n'kuyamba kuika siwichi zobiriwira za dzina lawo zomwe poyamba ankawapangira ndi Kailh. Masiku oyambawo zokoperazi zinali zokayikitsa, koma lero munthu akandiuza kuti Gateron ndi feki ndimangoseka, zina ndi zofewa kuposa Cherry yemweyo. Matenda ake ndi omwe aja a mausi, mukalemba "ndi" pakutuluka "nndi", kapena batani limodzi langokhala chete. Ndiye funso lofunsa musanapereke ndalama ndi lakuti kodi ndi hot-swap, kutanthauza kuti siwichi imazuka ndi kachitsulo kokokera popanda soda. Keychron zambiri zili choncho. Redragon K552 Kumara, yomwe anyamata ambiri amayambira, mitundu yake yambiri imazukanso koma timabowo take ndi topapatiza, timalola Outemu ndi zina za miyendo yoonda, mukakakamiza Cherry mupinda miyendo. Komabe taganizani, kiyibodi yotchipa chonchija batani likafa mumazula siwichi ya Scroll Lock yomwe simunaidinepo chibadwire n'kuika pa W, mphindi ziwiri basi mwabwerera mu gemu. Pomwe ina yodula kuwirikiza kanayi siwichi zake anawotcherera, muyenera kumasula yonse. Ndipo Logitech G910 ya 2014 ndi abale ake a siwichi za Romer-G, mabatani ake amagwira ndi timiyendo tinayi tapulasitiki tosafanana ndi ta wina aliyense, kamodzi kakathyoka simungabwereke kwa neba, pomwe kamtanda ka pamwamba pa siwichi ya Cherry kamalola zivindikiro za pafupifupi aliyense.

Zivindikiro za mabatanizo nazo zili ndi nkhani. Pulasitiki ya ABS imayamba kunyezimira pakatha miyezi ngati thako la buluku la sukulu, ndipo ngati anangopaka penti yakuda n'kuboola chilembo ndi laser, pentiyo imasupuka mpaka E kusanduka chigamba choyera. PBT ndi yolimbirapo. Mukaona mawu oti double-shot ndiye kuti chilembocho ndi pulasitiki ina youmbiramo, sichingafufutike ngakhale mutakhula bwanji. Ducky ya ku Taiwan anatchuka ndi zimenezi kalekale makampani akuluakulu akugulitsabe zapenti pa mtengo wokwera, pano Corsair ndi Razer anayamba kuika PBT pa zina zawo zapamwamba.

Anzanga achikulire amakonda kunena za IBM Model M ya 1985, chinthu cholemera pafupifupi makilogalamu 2 chomwe ena akulembabe nacho mpaka lero, ndipo kampani ya Unicomp ku Lexington, Kentucky inapitiriza kuzipanga. Zoona ndi yolimba, koma nayonso mkati muli timisomali tapulasitiki tomwe timathothoka ikakalamba, anthu amaboola n'kumanga mabawuti. Zatsopano zimene zabwera ndi za maginito, SteelSeries Apex Pro ya 2019 ndi Wooting ya ku Netherlands, mmenemo mulibe zogundana, kasensa kamangoyeza kuti maginito afika pati. Siwichi yotero n'zovuta kuti iyambe kulemba kawiri, koma bolodi yake ikapsa ndiye zakulirani.

Kwathu kuno mdani wamkulu sali pa katoni. Fumbi la mu Okutobala, chinyezi cha dzinja makamaka kunyanja, nyerere zotsata shuga wa tiyi amene munatayira mwezi watha, ndi mphemvu zomwe zimakonda kufunda kwa bolodi, ndatsegulapo kiyibodi n'kupeza banja lonse ndi mazira omwe. Waranti ya zaka 2 yomwe Logitech ndi Razer amapereka ndi yabwino kwa amene ali ku London kapena ku Johannesburg ndi lisiti m'manja, koma kwa iwe amene anakutumizira pa basi ndi kapepala chabe, ndalama yotumizira kubweza ingagule ina. Palinso ma feki, makamaka a Logitech G102 ndi Razer DeathAdder, katoni yokongola bwinobwino. Njira yachidule ndi kuilumikiza pa kompyuta yomwe ili ndi G Hub ya Logitech kapena Synapse ya Razer, ngati pulogalamu ya eni ake sikuizindikira bwezani pomwepo musanachoke pa kauntala. Za kaunjika musazinyoze, kiyibodi ya mechanical yakale yongofunika kutsuka imaposa yatsopano ya utawaleza, bola muyese batani lililonse pa Notepad, lililonse ndithu.

Posamala, vindikirani ndi kansalu mukamaliza, musadyere pamwamba pake, ndipo chonde WD-40 ndi mafuta ophikira ayi, zimakoka fumbi n'kufewetsa labala. Chotsukira ndi isopropyl alcohol, kadontho pa siwichi mutazula waya, dinani kambirimbiri, dikirani iume. Mukatayira tiyi zulani waya nthawi yomweyo, itembenuzeni chafufumimba, musayese kuona ngati ikugwirabe chifukwa kuyesako n'kumene kumaotcha.

Ya mnyamata uja ndinatenthetsa pang'ono timapazi take toterera kuti timatuke bwino, masikuluwu amabisala pansi pake, ndinachotsa siwichi yakumanzere n'kuika ina, ndi yakumanja yomwe kuti zizimveka mofanana. Mphindi 20. Anayesa kukoka fayilo kuzungulira sikirini yonse katatu osagwa, kenako akutulutsa ndalama anandifunsa ngati ndingayang'anekonso kiyibodi yake, akuti spacebar ikumata chitayireni Sobo pa Khrisimasi.