Kanema amabadwira podula

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga wa ku Mufakose, muno mu Harare, anabwera ndi foni yake kuti ndione chinkhoswe cha mchemwali wake chomwe anajambula. Anati, "Amalume, ntchito imeneyi ndi yanu. Bwanji abale pa WhatsApp sakuonera mpaka kumapeto?" Ndinakhala pansi n'kuonera. Pafupifupi ola lathunthu foni ili pamalo amodzi kumbuyo kwa tenti, anthu akuoneka ngati nyerere, mawu a ankhoswe atamira m'phokoso la jenereta. Zonse zinalimo: kusinthana tambala ndi thadzi, atsikana ophimbidwa zitenje kuti mnyamata apeze wake, nthungululu. Koma panalibe pogwira mtima.

Mwanayu sanalakwe kwambiri. Anangoyambira pomwe anayambira eni ake a luso lojambula kanema. Pa 28 Disembala 1895, abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, anaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira pakhomo mumzinda wa Paris. Kanema aliyense sankafika mphindi imodzi, ndipo kamera inkaikidwa pamalo amodzi n'kumangoyang'ana, mwachitsanzo, antchito akutuluka pachipata cha fakitale. Kuyenda kwa chithunziko ndiye kunali chodabwitsa. Ndipotu palibe chimayenda: ndi zithunzi zoima zomwe zimathamangitsidwa motsatizana mpaka diso kukhulupirira. Chibwerereni mafilimu a mawu cha m'ma 1927, muyezo wake ndi zithunzi 24 pa sekondi.

Panapita zaka kuti ojambula azindikire chinthu chomwe ine ndimadyera lero monga mkonzi wa mafilimu: ukadula chithunzi china n'kulumikiza ndi china, pamabadwa tanthauzo lomwe silinali mu chilichonse mwa ziwirizo. Cha m'ma 1920 Lev Kuleshov wa ku Russia anayesa izi. Anatenga nkhope ya wosewera wina, yosaseka, yosalira, n'kuilumikiza ndi mbale ya msuzi, kenako ndi bokosi la maliro la mwana, kenako ndi mkazi atagona pampando. Oonera anayamikira momwe mkuluyo anaonetsera njala, chisoni ndi chilakolako. Nkhope inali imodzimodzi yomweyo. Njala ndi chisonizo anaziikamo ndi oonera eni ake.

Apa ndiye pagona nkhani. Kachigawo kalikonse kojambulidwa kamera isanazimitsidwe timakatcha shoti, ndipo mashoti ali ndi misinkhu. Yapatali imauza woonera komwe ali: tenti, nyumba, khamu. Yapakati, yoyambira m'chiuno kupita m'mwamba, imaonetsa amene akulankhula ndi mnzake. Yapafupi, nkhope yokha kapena dzanja lokha, ndi imene imagwira mtima. Taganizani pa nthawi ya zitenje ija. Tione kaye atsikana atatu ophimbidwa, patali. Tidule, tione dzanja la mnyamata likuzengereza pa nsonga ya chitenje. Tidule, tione mayi a mtsikana atagwira pakamwa. Tidulenso, chitenje chivundukuke. Masekondi 20 okha, koma mlendo amene sadziwa ndi Chichewa chomwe wamva zonse. Ndimauza achinyamata kuti aziyenda ndi miyendo, asamakoke chithunzi ndi zala pagalasi la foni, chifukwa kukoka kumeneko kumangochita chithunzi mbuu. Shoti iliyonse muigwire masekondi khumi osagwedezeka, kuti wodula adzapeze pogwira.

Poyenda choncho pali mzere umodzi wosaoneka womwe simuyenera kuudumpha chisawawa. Onerani mpira wa ku bwalo la Rufaro pa wailesi yakanema: makamera aakulu amakhala mbali imodzi ya bwalo. Atati adumphire tsidya linalo mpira uli mkati, mungaone ngati timu ya Dynamos yatembenukira ku golo lake lomwe. N'chimodzimodzi anthu awiri akamalankhulana. Lingalirani chingwe chochoka pamphuno ya uyu kufika pamphuno ya uyo, ndipo inu khalani mbali imodzi ya chingwecho. Mukadumpha, podula onse awiri adzayang'ana kumodzi ngati akulankhula ndi khoma.

Za kuwala ndinene mwachidule. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo dzuwa la masana kuno ndi laukali. Likakhala paliwombo, maso a munthu amasanduka mapanga akuda, ndipo diresi loyera limapusitsa foni mpaka nkhope ya mkwatibwi kuderatu. Muimikeni pamthunzi wa jakaranda atayang'ana kowala, kapena dikirani dzuwa lipendeke. M'nyumba, zenera likhale kumbuyo kwa inu, osati kumbuyo kwa wojambulidwa.

Mawu ndiwo amandipweteka mtima kwambiri. Woonera amakhululuka chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu osamveka amamuthawitsa nthawi yomweyo. Malangizo a ankhoswe, pemphero la agogo m'Chichewa chakale chomwe ana obadwira kuno sachimvanso kawirikawiri pakati pa Chishona ndi Chingerezi, zimenezo ndiye chuma cha tsikulo, ndipo zikatayika palibe kompyuta ingazibweze. Njira yake ndi yotsika mtengo. Foni yachiwiri ijambule mawu okha ili m'thumba la malaya la wolankhula kapena patebulo pafupi naye. Musanayambe, ombani m'manja kamodzi pamaso pa kamera. Podula, mufanizitsa kugundana kwa manja ndi kaphokoso kake, ndipo mawu ndi chithunzi zigwirizana. Kabolodi kaja mumaona akukamenyetsa pojambula mafilimu aakulu ntchito yake ndi yomweyi.

Ndikamaphunzitsa zimenezi ndimakumbukira agogo athu omwe anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Ambiri anakumana ndi bayisikopo, ndiye kuti kanema, kudzera m'magalimoto oyenda ndi chinsalu. Mu 1948 kunakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit, likulu lake muno, mzindawu ukutchedwa Salisbury, kuti lizipangira mafilimu anthu akuda a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Oyambirirawo analibe mawu, munthu ankaima pambali n'kumafotokoza m'chinenero cha anthu, monga amachitira anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa ku Malawi masiku ano. Nkhani zake kawirikawiri zinali za mlimi wanzeru womvera alangizi a boma ndi mlimi wopusa wosamva. Nkhope zinali zathu, koma wosankha podula anali wina, ndipo ndi iye ankagamula kuti wopusa ndani. N'chifukwa chake sindiona nkhani ya kudula ngati kaluso ka pakompyuta chabe.

Mitundu ya mafilimu nayo imadziwika ndi kadulidwe. Ya karate ndi ya nkhondo imadula mwachangu kuti mtima uthamange. Yoopsa imachedwetsa dala, n'kubisa chilombo kunja kwa chithunzi kuti mantha muwapange nokha. Yoseketsa imakonda kuima patali kuti tione thupi lonse likugwa. Ya zochitika m'banja, ngati filimu ya ku Zimbabwe ya Neria, yomwe nkhani yake analemba Tsitsi Dangarembga ndipo nyimbo anaimba Oliver Mtukudzi, imadalira nkhope ndi kudekha, chifukwa ululu wa mayi wamasiye wolandidwa chuma sufuna kuthamangitsidwa. Chinkhoswe chili m'gulu lomalizali.

Tinapempha abale onse omwe anajambulako tsikulo kuti atitumizire zawo. Mufoni ya mnzake wa mkwatibwi tinapezamo masekondi asanu ndi limodzi a nkhope ya agogo aakazi, maso ali jenjenje ndi misozi. Tinaiika chitenje chitangovundukuka, ola lija n'kutsala mphindi zinayi. Usiku womwewo azakhali a ku Dedza anaimba foni, mawu akunjenjemera, kunena kuti sanadziwe kuti mayi awo analira ataona mdzukulu wawo akuvundukulidwa. Mwana wa mlongo wanga anandiyang'ana. Ndinatenga foniyo n'kuwauza azakhaliwo zoona zake, kuti misoziyo inagwa m'mawa, pa nthawi ya pemphero, pomwe abusa anatchula dzina la malemu agogo aamuna. Kutacha tinapita ku Mufakose kukawaonetsa agogowo ndi kuwafunsa ngati nkhope yawo ikhale pamenepo kapena ibwerere pa pemphero. Anaonera kawiri, n'kunena kuti tiibwezere pa pemphero.